LUSO LA MANJA LIFUNA MNZACE: OLEMALA APHUNZITSIDWE KUDZILANKHULIRA

CAKA ndi caka masukulu a nchito za manja m'dziko muno amatulutsa anyamata ndi atsikana amene atsiriza maphunziro a ukalipentala, utelala, kumanga nyumba, kuocherera zitsulo ndi kugwiritsa nchito makompyuta. Pakati pao pamakhalanso ena oyenda ndi ndodo, ena ogontha, ena akhungu ndi ena oyenda pa njinga za olemala.

Pa tsiku lolandira masatifiketi, onse amaomberedwa m'manja cimodzi-modzi. Koma pakapita miyezi, ambiri mwa olemala aja amapezeka ali cikhalire pakhomo pa makolo ao, satifiketi ili gone m'sutikesi.

Zifukwa zace nzambiri. Nchito nzosowa kwa ali yense, ndipo olemba nchito ambiri akali ndi maganizo akuti munthu wolemala ndi katundu. Koma pali cifukwa cinanso cimene sicichulidwa kawiri-kawiri, ndipo cimaonekera bwino pa tsiku limene mnyamata wopuwala miyendo apita kukafunsira nchito ku shopu yopanga mipando.

Mnyamata wotere amapita ndi amalume ace. Mwini shopu akafunsa dzina, amayankha ndi amalume. Akafunsa za makina amene mnyamatayo adziwa kuyendetsa, amayankhanso ndi amalume omwewo, amene cibadwire sanakhomepo mpando. Nthawi yonseyi mwini nkhani ali ciweramire, maso ali pansi. Mwini shopu amawauza kuti adzawaitana, koma mumtima watsimikiza kale kuti munthu amene alephera kuchula dzina lace sangathe kukambirana ndi wogula za mtengo wa tebulo. Motero nchito imapita kwa wina amene mwina luso lace la manja nlocepa.

LUSO LACIWIRI

Aphunzitsi a nchito amasiyanitsa maluso awiri. Loyamba ndi la manja, monga kupala thabwa, kudula nsalu kapena kukonza injini. Laciwiri ndi luso la kakhalidwe pa nchito: kupereka moni ndi kudzichula dzina, kumvetsera malangizo ndi kufunsa pamene munthu sanamve, kusunga nthawi, kugwirizana ndi anzace, kulandira cidzudzulo popanda kukwiya kapena kutaya mtima, kusamala ndalama ndi katundu wa eni, ndiponso kuthetsa mkangano usanakule.

Luso laciwirili lilibe satifiketi, komabe ndilo limene wolemba nchito amayamba kuona, popeza pa tsiku lofunsidwa mafunso palibe nthawi yakuti munthu apange kabati kapena kusoka suti. Ndilonso limene limasunga munthu pa nchito. Anchito ambiri amene amacotsedwa sacotsedwa cifukwa ca kusadziwa nchito, koma cifukwa ca kucedwa, kujomba popanda kutumiza mau, kapena kuyambana ndi kapitao.

Luso limeneli lifunika kwa munthu ali yense, wolemala ndi wosalemala yemwe. Kusiyana kwace nkwakuti wosalemala amalitola m'njira osadziwa kuti ali kuphunzira, pamene wolemala nthawi zambiri amamanidwa njirayo.

KUMENE ANZAO AMAPHUNZIRIRA

Mwana wa kumudzi amaphunzira kukhala ndi anthu ali wamng'ono. Mnyamata amapita kubusa ndi anzace, kumene amaphunzira kugawana nchito, kukangana ndi kukhululukirana. Mtsikana amatumidwa kucitsime ndi kucigayo, kumene amayembekeza pa mzere ndi kuwerenga cenji. Mwana wa m'tauni amatumidwa kumsika kukagula makala ndi ndiwo, ndipo akanyengedwa kamodzi, ulendo waciwiri amacenjera. Alendo akafika pakhomo, ana amaitanidwa kudzagwada ndi kupereka moni.

Mwana wolemala kawiri-kawiri satumidwa. Makolo ena amamsunga m'nyumba cifukwa ca cikondi, poopa kuti angagwe kapena kusekedwa. Ena amambisa cifukwa ca manyazi, popeza m'midzi ina mukali cikhulupiriro cakuti kulemala kumadza ndi ufiti kapena kulakwa kwa makolo. Alendo akabwera, iye amauzidwa kukhala kucipinda. Akadwala, kucipatala amamlankhulira ndi amai ace, ngakhale ali ndi zaka 20.

Mwana wogontha amene makolo ace sadziwa cinenero ca manja amakula osamva nkhani zokambidwa pa cakudya, osadziwa cifukwa cimene anthu asekera kapena kukwiyira. Mwana wakhungu saona m'mene anthu amagwedezera mutu pomvetsera kapena kuyang'ana munthu amene ali kulankhula naye, cotero sangatengere zimenezi pokhapokha wina atamuuza. Ana otere sali opusa, koma sanapatsidwe mpata. Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo cimene cinasowa poyamba ciyenera kuphunzitsidwa mwadala pambuyo pace.

Anthu okhudzidwa ndi nkhaniyi si ocepa. Kufufuza kumene kunacitika m'dziko lonse la Zambia m'caka ca 2015 kunapeza kuti akulu pafupi-fupi 11 mwa akulu 100 ali onse ali ndi cilema ca mtundu wina, ndipo mwa ana 100 ali onse a zaka za pakati pa 2 ndi 17, oposa anai ngolemala. Palibe mudzi kapena komboni imene ilibe anthu otere.

CIYAMBI CACE KU MAGWERO

Cigawo ca Kum'mawa cili ndi mbiri yonyaditsa pa maphunziro a olemala. Sukulu yoyamba ya akhungu m'dziko muno inayambira pa mishoni ya Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1905, pamene Mai Issie Hofmeyr a Mpingo wa Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa akhungu kuwerenga ndi zala. Iwo atamwalira, nchitoyo inapitirizidwa ndi Mai Ella Botes, ndipo mu 1955 pa Magwero pomwepo panatsegulidwa sukulu ya ogontha.

Dziko litalandira ufulu, Boma linakhazikitsa lamulo loona za olemala mu 1968, limene linabala bungwe la Zambia Council for the Handicapped. Mu 1971 Unduna wa Maphunziro unatenga udindo wa maphunziro a ana olemala, ndipo ku Lusaka kunatsegulidwa koleji yophunzitsa aphunzitsi ao, imene tsopano idziwika ndi dzina lakuti Zambia Institute of Special Education. Ku Ndola kuli sukulu ya National Vocational Rehabilitation Centre imene inakhazikitsidwa kuti iziphunzitsa olemala nchito zosiyana-siyana.

M'zaka zimenezo nchito za olemala zinali zodziwikiratu. Akhungu ambiri anali kuphunzitsidwa kuluka madengu ndi mipando, kuphunzitsa m'sukulu, kapena kulumikiza malamya m'maofesi a Boma ndi m'makampani. Opuwala miyendo anali kupatsidwa utelala kapena kusoka nsapato. Ena anali kugwira nchito m'malo opatulidwira olemala okha-okha, kumene sanali kukumana ndi ogula.

Zinthu zasintha. Kubwera kwa malamya a m'manja kunacepetsa kwambiri nchito yolumikiza malamya, ndipo zobvala za salaula zinalanda matelala ambiri msika. Nchito zimene zipezeka lero, monga za m'masitolo, m'mahotela, m'maofesi ndi m'tinyumba totumizira ndalama pa lamya, pafupi-fupi zonse ndi nchito zokumana ndi anthu tsiku lonse. Ndi cifukwa cace luso la kakhalidwe, limene kale linali kuoneka ngati ndiwo zapadera, lero lasanduka nsima yeni-yeni.

KAPHUNZITSIDWE KACE

Luso limeneli siliphunzitsidwa polemba pa bolodi. Limaphunzitsidwa pocita. Njira yodziwika bwino ndi ya sewero: mphunzitsi amakhala pa tebulo monga wolemba nchito, ndipo wophunzira amagogoda, kulowa, kupereka moni, kuchula dzina lace ndi nchito imene adziwa. Anzace amaonerera, ndipo pambuyo pace amanena zimene wacita bwino ndi zimene walakwitsa. Amabwereza kufikira mantha atatha. Sewerolo limakoma kwambiri pamene woitanidwa kudzafunsa mafunso ndi mwini sitolo weni-weni wa m'tauni, amene wophunzira samdziwa.

Phunziro lobvuta koposa ndi la kulankhula za cilema cimene munthu ali naco. Wolemba nchito amakhala ndi mafunso mumtima amene acita manyazi kufunsa: Kodi adzafika bwanji kuno? Kodi ndidzalankhula naye bwanji? Kodi akabvulala sadzandiika m'mlandu? Ngati mafunsowa sayankhidwa, iye amadziyankha yekha, ndipo yankho lace limakhala lokana. Cotero wophunzira amaphunzitsidwa kufotokoza mwacidule zimene angathe kucita ndi cimene afuna kuti acite bwino. Kalipentala woyenda pa njinga anganene kuti, "Bambo, nchito yonse ya pa benci ndicita. Cimene ndipempha ndi benci lotsikirapo, ndipo ndingathe kulipanga ndekha." Mau ocepa otere amasandutsa nkhani ya cisoni kukhala nkhani ya nchito.

Kusunga nthawi nako kuli ndi zobvuta zace. Munthu wa pa njinga adziwa kuti minibasi ingamsiye pa siteshoni cifukwa kondakitala safuna kunyamula njingayo, ndipo m'dzinja njira za m'komboni zimadzala matope. Bwana samaona zimenezi. Amaona cabe kuti 8 koloko yakwana ndipo munthu kulibe. Motero wophunzira amaphunzitsidwa kuyesa ulendowo tsiku lofunsidwa mafunso lisanafike, kupangana ndi dalaivala mmodzi wodalirika, ndiponso kutumiza mau msanga akaona kuti acedwa. Ngati bvutolo ndi la tsiku ndi tsiku, aphunzira kupempha poyera kuti aziyamba mocedwerapo ndi kuweruka mocedwerapo, m'malo mongokhala cete kufikira atalandira kalata yomcenjeza.

MTUNDU ULI WONSE NDI NJIRA YACE

Olemala sali mtundu umodzi, ndipo phunziro loyenera wina silingayenere mnzace.

Wogontha amaphunzira kuyenda ndi kabuku ndi colembera, kapena kulemba mau pa lamya, kuti malangizo a kapitao asampite. Amaphunzira kusagwedeza mutu ngati wamva pamene sanamve, pakuti safunsa anadya phula. Amalimbikitsidwanso kuphunzitsa anzace a pa nchito zizindikiro zowerengeka za cinenero ca manja, monga za moni, za ngozi ndi za nthawi ya cakudya, cifukwa anthu amene aphunzira kupereka moni amaleka kucita mantha.

Wakhungu amaphunzira kutembenukira kumene kucokera mau a wolankhula, kuyendera malo a nchito pa tsiku loyamba kuti adziwe pali zitseko ndi masitepe, ndi kupempha anzace kuti asamasunthe zipangizo popanda kumuuza. Amaphunzira kupinda ndalama za pepala mosiyana-siyana kuti azizindikire ndi zala, ndiponso kugwiritsa nchito lamya kapena kompyuta imene imawerenga mokweza mau olembedwa. Amaphunziranso kukana mwaulemu thandizo limene safuna, monga la munthu womkoka dzanja popanda kumfunsa kumene apita.

Wa nzeru zocedwa kugwira zinthu amaphunzira bwino nchito ikagawidwa m'zigawo zazing'ono, nizisonyezedwa ndi zithunzi kapena pocita pamaso pace. Kwa iye cothandiza koposa ndi kukhala ndi mlangizi amene amapita naye pa nchito masabata oyamba, namacepetsa kubwera pang'ono-pang'ono kufikira munthuyo atazolowera.

Kwa onsewa, sukulu yopambana ndi malo eni-eni a nchito. Wophunzira amene atumizidwa kukagwira nchito m'garaji kapena m'hotela kwa miyezi yowerengeka asanatsirize maphunziro amaphunzira zimene kalasi silingamphunzitse, ndipo mwini malo nayenso amadzionera yekha kuti nchito iyenda. Ndi cifukwa cacenso akatswiri ambiri lero alimbikitsa kuti olemala aziphunzira pamodzi ndi osalemala m'masukulu a nchito, monga ya Chipata Trades, m'malo mopatulidwa nthawi zonse.

ODZILEMBA OKHA NCHITO

Ambiri mwa anthu a m'dziko muno sagwira nchito ya malipiro a pamwezi, ndipo olemala ambiri amadzidalira pa malonda ang'ono-ang'ono. Kumenekonso luso la kakhalidwe ndilo limapulumutsa kapena kugwetsa munthu.

Telala wolemala amakumana ndi ogula a mitundu iwiri yoopsa. Woyamba ndi amene aganiza kuti munthu wolemala ayenera kuthokoza kali konse, motero amapereka theka la mtengo. Waciwiri ndi wacibale amene amatenga cobvala pa nkhongole imene sadzabweza, pokumbutsa telalayo kuti anamthandizapo pa matenda. Telala amene sanaphunzire kuwerengera mtengo wa nsalu, ulusi ndi nthawi yace, kulemba zonse m'buku, ndi kunena kuti iai popanda kunyoza, amatseka shopu caka cisanathe.

Palinso wogula wacifundo, amene amabwera cifukwa ca cisoni. Iyeyu amagula kamodzi kokha. Amene amabweranso ndi uja amene anapeza yunifomu ya mwana wace itatha pa tsiku limene anapangana. Kusunga pangano ndi luso lophunzitsika, ndipo ndilo limabweretsa ogula ena popanda kulengeza pa wailesi.

ULEMU SI KUGONJA

Pali cenjezo limene atsogoleri a olemala amapereka, ndipo nloyenera kulimvera. Maphunziro a kakhalidwe angasanduke maphunziro a kugonja, ophunzitsa munthu kumwetulira pamene ali kuponderezedwa. Olemala ambiri anauzidwa kuyambira ubwana kuti azithokoza ndi kukhala cete. Iwowa safunika kuonjezeredwa ulemu, koma kulimba mtima.

Cotero maphunziro oyenera amaphatikizamo kudziwa malamulo. Zambia inabvomereza mu 2010 pangano la United Nations lonena za ufulu wa anthu olemala, limene ndime yace ya 27 inena za ufulu wa kugwira nchito, malipiro olingana pa nchito yolingana, ndi kukonza malo a nchito kuti wolemala athe kugwirapo. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la anthu olemala m'malo mwa la 1996, ndipo lamulo la nchito la 2019 liletsanso tsankho la cilema polemba anthu nchito. Wanchito wolemala ayenera kudziwa kuwerenga pangano lace la nchito asanasaine, kufunsa za malipiro popanda manyazi, ndi kudziwa kumene kuli ofesi ya za nchito. Atsikana olemala afunika kuphunzitsidwa mwapadera kukana ndi kuulula bwana kapena mnzao wa pa nchito amene afuna kuwacita zacipongwe.

Dziko lino linaona kale cimene munthu wolemala angacite akapatsidwa mpata wolankhula. Malemu Lazarus Tembo, woimba wakhungu amene nyimbo zace za m'Cinyanja zinali kumveka pa wailesi m'dziko lonse, anafika pokhala nduna yaing'ono m'Boma la Dr Kenneth Kaunda. Cimene cinamkweza sicinali gitala cabe, koma kutha kuimirira pamaso pa anthu ndi kunena zomveka.

OLEMBA NCHITO NAONSO APHUNZIRE

Ngakhale munthu atadziwa kulankhula motani, mau ace sangacotse masitepe a pakhomo pa ofesi kapena kukulitsa citseko ca cimbudzi. Kukakhala kulakwa kusenzetsa olemala mtolo wonse ngati kuti bvuto lili mwa iwo okha. Mutu umodzi susenza denga.

Olemba nchito afunika kuphunzira kulankhula ndi wofuna nchito mwini wace, osati ndi womperekeza kapena womasulira. Afunika kufunsa munthu cimene afuna m'malo moganizira okha, pakuti zambiri mwa zofunikazo nzocipa: kusuntha desiki kupita ku cipinda ca pansi, kuika thabwa lotsetsereka pa khomo, kapena kulemba malangizo pa pepala. Lamulo la msonkho nalonso limacepetsera msonkho wolemba nchito pa munthu wolemala ali yense amene amlemba. Bungwe la Zambia Agency for Persons with Disabilities, limene limalembetsa olemala ndi kuwapatsa makhadi, pamodzi ndi mabungwe a olemala eni ace monga Zambia Federation of Disability Organisations, ndiwo oyenera kufunsidwa malangizo.

Mu 2022 Boma linakweza ndalama za citukuko za Constituency Development Fund kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo gawo lina la ndalamazo linapatulidwa kuti lizilipirira acinyamata maphunziro a nchito za manja. Makomiti a m'madera ali ndi mpata woonetsetsa kuti olemala ali pa mndandanda wa othandizidwa, ndiponso wofunsa masukulu ngati aphunzitsa kakhalidwe ka pa nchito pamodzi ndi luso la manja. Kulipirira mwana maphunziro a zaka ziwiri amene adzathera m'sutikesi nkutaya cuma ca dziko.

NCHITO IYAMBIRA PAKHOMO

Komabe mphunzitsi woyamba wa luso limeneli ndi kholo, ndipo phunzirolo silifuna ndalama. Mwana wolemala atumidwe kukagula mcere ku kantemba ndi kubweza cenji. Apatsidwe nchito yace ya pakhomo, monga kudyetsa nkhuku kapena kutsuka mbale, ndipo akailephera adzudzulidwe monga abale ace. Alendo akafika aitanidwe kudzapereka moni. Kucipatala, namwino akafunsa pamene papweteka, amai adziletse ndi kulola mwana kuyankha yekha, ngakhale atacedwa kupeza mau.

Mafumu, nyakwawa ndi atsogoleri a mipingo angathandize popatsa acinyamata olemala udindo woonekera, monga kusunga buku la kalabu ya alimi, kuwerenga zolengeza m'chalichi kapena kulandira alendo pa msonkhano. Amene aseka kapena kubisa wolemala akumbukire mau a makolo akuti lungalunga mpobadwa, cilema cicita kudza. Ngozi ya pa mseu, matenda a shuga kapena ukalamba zingaike munthu ali yense pa njinga.

Amalume amene aperekeza mphwao kukafuna nchito sacita coipa. Angamthandize kukweza njinga m'minibasi ndi kumfikitsa pakhomo pa shopu. Koma akafika pamenepo, thandizo lalikulu limene angapereke ndilo kukhala panja pa mthunzi, ndi kulola mnyamatayo kugogoda yekha.